Tintchentche ta m'nyumba si tamtundu umodzi, umu ndi momwe mungatisiyanitsire

Kukangotentha mu Blantyre muno, mango n'kuyamba kudzaza ku msika wa Limbe ndi ku Ndirande, tintchentche ting'onoting'ono timabuka paliponse ndiye anthu amangothamangira kupopera mankhwala, mawa lake tabweranso. Vuto lake ndi loti mtundu uliwonse umaswana pamalo pakepake, nde musanagule kalikonse dziwani kaye kuti ndi kati.

Kujambula kaye. Kakuuluka simungakajambule, kavindikireni ndi tambula, mulowetse pepala loyera pansi, ndipo ngati muli ndi filiji kaikeni momwemo mphindi zochepa kazizidwe kasiye kuthamanga. Pambali pake ikani rula kapena kamtengo ka machesi kuti kukula kwake kuoneke. Jambulani panja powala, osayatsa flash, komanso osakoka zoom mpaka kumapeto chifukwa chithunzi chimangosanduka phala. Zithunzi zikhale ziwiri, china chapamwamba kuti mapiko aoneke, china chapambali kuti msana uoneke, chapambalichi ndi chomwe ambiri amaiwala koma ndi chofunika kwambiri.

Kakakhala kachikasu kodera, maso ofiira psuu, kotalika mamilimita 3 basi, kakuzungulira nthochi zakupsa, matimati ophwanyika kapena botolo la thobwa, kameneko ndi Drosophila. Nyengo yotentha dzira lake limafika pa kantchentche kouluka m'masiku ngati 10 okha, n'chifukwa chake timachuluka msanga chonchi. Chotsani zowolazo, nkhani yatha.

Kaja kokhala phee pakhoma la bafa, kaubweya, mapiko otambalala ngati mtima, mukakakhudza kamangodumphira pafupi pomwepo, mphutsi zake zili mu zonanda za mu paipi ya sinki. Pamenepo pamafunika bulashi ndi kukwecha mkati mwa paipi.

Kakuda kowonda, miyendo ndi tinyanga zazitali, koma sikaluma ngakhale kakufanana ndi udzudzu, kamachokera m'dothi la maluwa a m'mapoti lomwe mukulithirira mopitirira. Lisiyeni liume pamwamba.

Tsono a linunda pamsana alipo awiri ndipo apa samalani. Kena kamakonda kuthamanga patebulo kapena pagalasi la windo m'malo mouluka, kameneko kakukuuzani kuti pena pake pali chinthu chowola kapena paipi ya kuchimbudzi yaphulika. Kachiwiri ndi kakuda, kojintcha, miyendo yaifupi, mapiko aakulu oonekera mkati, kamaluma masana panja pafupi ndi mitsinje yothamanga madzi. Ndi Simulium, kamafalitsa matenda aja oyabwa thupi omwe amatha kupha maso, omwe azaumoyo amagawira mankhwala a Mectizan ku Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi mbali zina za Blantyre yomwe ino. Ngati mumalumidwa kawirikawiri kumeneko ndipo kuyabwa sikukutha pitani kuchipatala.

Zithunzizo mutha kuziika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amathandizana kuzindikira zamoyo, mulembenso pomwe mwakapeza ndi momwe kamayendera. Nthawi zambiri akuuzani gulu lake lokha, poti dzina lenileni la tating'ono chonchi limafuna maikulosikopu, koma gulu lomwelo likukwanirani kudziwa pokakwecha.