Musanasainire kampani yoti ikulondolereni ndalama za PPI

Mu 2006 ndinatenga ngongole yogulira galimoto yopitira kuntchito ku Leicester. Mayi wa kubanki anandiuza kuti pali chitetezo chimene chimayendera limodzi ndi ngongoleyo, n'kundilozera kabokosi kochonga. Ndinachonga. Sanandiuze kuti ndikanatha kukana, ndipo za ntchito yanga sanafunse n'komwe. Nthawi imeneyo ndinkagwira ya ejensi, lero ilipo mawa palibe, moti ntchito ikanatha inshuwalansiyo sikanandilipirira ngakhale peni imodzi.

Imeneyo ndiye PPI, inshuwalansi imene amati izikubwezerani ngongole mukadwala kapena ntchito ikatha. Ku Britain anaigulitsa pa ngongole za kubanki, za nyumba, za galimoto ndi pa makadi a ngongole, makamaka kuyambira 1990 mpaka 2010. Ambiri anauzidwa kuti akaikana sapatsidwa ngongole. Ena anaipeza itaikidwa kale iwo osadziwa. Enanso anali odzilemba okha ntchito, opuma pantchito kapena odwala kale, anthu amene malamulo a inshuwalansiyo ankawakana. Ndalama zimene zabwezedwa kwa anthu zaposa mapaundi 38 biliyoni.

Ine ndinadzera kwa kampani yolondola madandaulo mu 2018. Ndinkaopa makalata achingerezi cha kubanki, mapepala a ngongole anali atasowa posamuka, ndipo ndikaweruka ntchito yausiku mutu sunkagwira. Munthu amene ali momwemo sindingamudzudzule. Koma dziwani zimene kampaniyo inachita: inanditumizira fomu, ndinalemba ndekha, iyo n'kungoipititsa kubanki. Basi. Kudandaula kubanki kunali kwaulere, ndipo Financial Ombudsman Service, ofesi imene imaweruza banki ikakukanani, silipiritsanso kalikonse.

Tsiku lomaliza lodandaula linali 29 Ogasiti 2019. Wina akakuimbirani lero n'kunena kuti akulemberani dandaulo la PPI ngati kale, samalani naye. Njira zotsala ndi zochepa. Ngati kampani imene inakugulitsani PPI inagwa, funsani ku Financial Services Compensation Scheme, bungwe lolipira makasitomala a makampani azachuma amene agwa, nokha, mwaulere. Njira ina ndi ya kukhoti, yochokera pa mlandu wa Plevin umene Supreme Court inaweruza mu 2014: kuti kubisira kasitomala komishoni yaikulu ya mu PPI n'kupanda chilungamo. Kwa mayi wa mlanduwo, ndalama zoposa 70 pa 100 iliyonse imene analipira zinali komishoni. Makampani amene akuitanabe anthu masiku ano ambiri akutsata njira imeneyi, ndipo amakupititsani kwa maloya. Nthawi nayo imawerengedwa: ku England ndi Wales kawirikawiri ndi zaka 6 kuchokera pamene ngongole kapena kadi inatsekedwa, ngakhale khoti lingaone mwina ngati komishoniyo inabisidwa dala.

Mukasankha kudzera kwa kampani, yambani ndi dzina lake. Lifufuzeni pa kaundula wa Financial Conduct Authority pa intaneti, chifukwa kuyambira Epulo 2019 bungwe limeneli ndi limene limayang'anira makampani otere. Ngati ndi maloya a ku England kapena Wales, onani ku Solicitors Regulation Authority. Nambala ya foni ya pa kaundulapo ifanane ndi imene akukuimbirani, poti akuba amabwereka mayina a makampani enieni. Akakuuzani kuti mulipiretu kandalama koyambira, kapena muwapatse nambala zachinsinsi za akaunti yanu, dulani foni.

Kenako nkhani ya malipiro, ndipo apa ndi pamene ndinapsa. Mawu oti "mukapanda kupambana simulipira" amakoma m'khutu, koma funsani kuti kupambana kwake n'kotani. Kuyambira Julayi 2018 lamulo linaika malire oti kampani isatenge zoposa 20 pa 100 ya ndalama zobwezedwazo, kuphatikiza VAT n'kukhala 24. Banki inavomera kundibwezera mapaundi pafupifupi 2,000, kampani n'kufuna 480. Izo ndinkaziyembekezera. Chimene sindinawerenge ndi kandime kakang'ono ka patsamba lachitatu. Ndinali ndi miyezi ingapo yosalipira pa kadi ya banki yomweyo imene inalinso ndi PPI, ndiye banki inayamba yadula ngongole yakeyo. M'manja mwanga munafika zochepa, koma kampani inawerengera gawo lake pa 2,000 yonse. Kalata yolonjerera ndalamazo inafika pasanathe sabata. Ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo, yunifolomu ili m'thupi, ndipo ndinalira. Ngati muli ndi ngongole yotsalira, kapena munalowa mu dongosolo la IVA (mgwirizano wobweza ngongole pang'onopang'ono) kapena munagamulidwa kuti mwalephera kubweza ngongole, auzeni musanasaine ndipo akuyankheni molemba, chifukwa ndalamazo zikhoza kupita kwa okongoza inu n'kutsala ndi bilu.

Malire a 20 pa 100 aja anali a madandaulo, osati a milandu ya kukhoti. Kwa maloya gawo lawo likhoza kukwera kuposa pamenepo. Afunseni atenga zingati pa mapaundi 1,000 alionse, VAT ili momwemo, ndiponso alipire ndani zowonongera kukhoti mlandu ukakukanikani. Mukasaina n'kusintha maganizo, muli ndi masiku 14 oti mutuluke osalipira. Akadutsa amenewo angakulipiritseni ntchito imene agwira. Ndipo musasainire makampani awiri pa ngongole imodzi, onse adzafuna gawo lawo.

Za mapepala osowa zisakuopseni monga zinandiopsera ine. Lamulo limakulolani kulembera banki kuti ikupatseni zonse zimene ikusunga zokhudza inu, mwaulere, ndipo kawirikawiri iyenera kuyankha pasanathe mwezi. Lembani mayina onse amene munagwiritsapo ntchito ndi ma adiresi akale. Chilichonse chimene mwasaina chijambuleni pa foni. Kampani ikakulakwirani, idandaulireni iyo poyamba. Ikakhala chete milungu 8, kapena yankho lake lisanakukhutiritseni, pitani kwa Ombudsman pasanathe miyezi 6.

Pali ndalama ina imene anzanga ambiri anaisiya. Pobweza PPI banki inkaonjezapo chiwongoladzanja cha 8 pa 100 pachaka, ndipo pa chiwongoladzanjacho inkadula msonkho wa 20 pa 100. Ambiri sankayenera kudulidwa wonsewo, poti munthu wolipira msonkho wa mlingo woyamba amaloledwa kupeza chiwongoladzanja cha mapaundi 1,000 pachaka popanda msonkho. Mumauitanitsa ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, pa fomu ya R40, pasanadutse zaka 4 kuchokera kumapeto kwa chaka cha msonkho chimene munalandira. Apanso makampani amabwera, ena atabisa chilolezo chake mu mapepala amene munasaina kale, ndiye onaninso mgwirizano wanu. Fomu yanga ndinailemba ndekha Lamlungu lina masana, kalata ya banki yoonetsa msonkho wodulidwa ili pambali pa kompyuta, ndipo tiyi asanazizire ndinali nditamaliza.