Kusankha SSD yoyenera kompyuta yanu ndi kupeza malo pa diski yodzaza

Kompyuta yochedwa ndi kompyuta yodzaza ndi matenda awiri osiyana, ngakhale nthawi zambiri amagwira pamodzi. Musanapite kukafunsa mitengo m'mashopu a m'tauni ya Chipata kapena kutuma munthu ku Lusaka, dziwani kaye vuto lanu. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, kenako sankhani Performance. Pa Disk pamalembedwa ngati muli ndi HDD, kutanthauza hard disk ya mbale zozungulira, kapena SSD, diski yosunga zinthu m'matchipu. Mukaona HDD ndipo nambala yakakamira pa 100% pomwe inu simukuchita chilichonse, SSD idzasintha makinawo kwambiri. Koma ngati chodzaza ndi Memory, kutanthauza RAM imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo, ndipo yanu ndi ya 4 GB, onjezeraninso RAM ifike 8 GB, chifukwa SSD payokha siithetsa vuto limenelo.

Hard disk ya m'laputopu ili ndi mbale zozungulira, kawirikawiri maulendo 5400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda kufunafuna fayilo iliyonse. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kamkonoko kamatha nthawi kuyendayenda. SSD ilibe chozungulira, imasunga zinthu m'matchipu. N'chifukwa chake imapiriranso kugwedezeka. Laputopu imene imayenda m'chikwama pa njinga kapena pa basi ya ku Lundazi imatetezeka bwino ikakhala ndi SSD.

Yambani ndi malo olowetsa

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. SSD yabwino koposa ndi imene ikulowa m'makina anu. Mitundu yofala ilipo itatu.

Woyamba ndi SATA ya mainchi 2.5, kabokosi kofanana ndi hard disk ya laputopu. Imalowa pamene mwachotsa hard disk, ndipo imathamanga pafupifupi 550 MB pa sekondi, malire a SATA III. Ma HP, Dell ndi Lenovo ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene ali m'manja mwa aphunzitsi ndi ophunzira amafuna imeneyi. Kuchindikala kwake ndi 7 mm. Malaputopu akale ali ndi malo a 9.5 mm, choncho SSD imatha kukhwepa. Ikani kachidutswa kopangidwira zimenezo, kamene ma SSD ena amabwera nako.

Mitundu ina iwiriyo ndi ya M.2, timitengo tathyathyathya tomangidwa ndi kasikuluwu kamodzi. M.2 ndi dzina la kaonekedwe chabe. Mkati mwake ikhoza kukhala SATA kapena NVMe, ndipo izi zimalankhula ndi kompyuta mosiyana. Ya SATA kawirikawiri imakhala ndi mipata iwiri kumano kwake, ya NVMe mpata umodzi. Tsoka lake n'lakuti ya mipata iwiri imatha kulowa bwinobwino m'malo a NVMe okha, inu n'kumanga zonse, koma kompyuta osaiona. Onaninso utali. Nambala 2280 ikutanthauza 22 mm m'lifupi ndi 80 mm m'litali. Malaputopu ang'onoang'ono ena amalandira 2242 kapena 2230 zokha, ndipo 2280 siingakwanemo.

Musaganizire. Lembani nambala ya laputopu imene ili pansi pake, mufufuze buku lake lokonzera pa intaneti. Dell, HP ndi Lenovo amaika mabuku amenewa poyera. Kapena tsegulani chivindikiro muone ndi maso. Pali malaputopu otchipa a 32 GB kapena 64 GB amene amagwiritsa ntchito eMMC, tchipu chowotcheredwa pa bodi. Chimenecho sichichotsedwa, ndipo ngati palibe malo ena olowetsa, musagule kanthu ka mkati.

NVMe ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3500 MB pa sekondi, ya PCIe 4.0 cha m'ma 7000. Manambalawa amakopa, koma pa Word, Excel ndi intaneti kusiyana kwake ndi SATA n'kochepa. Kusintha kwenikweni kumaoneka pochoka pa hard disk kupita pa SSD iliyonse yabwino. Ya PCIe 4.0 ikaikidwa pa malo a 3.0 imagwira ntchito, koma pa liwiro la 3.0, ndiye ndalama yoonjezerayo yangopita.

Kukula kwake ndi zimene zili mkati

SSD ya 120 GB kapena 128 GB ilekeni, ngakhale mtengo ukome bwanji. Windows 11 yokha imafuna diski yosachepera 64 GB, ndipo ikamalandira zosintha imadya malo ena. Ya 256 GB imakwana munthu wa zolembalemba. Kwa ambiri ya 500 GB ndiyo yanzeru. Wojambula mavidiyo a maukwati, a Nc'wala ku Mtenguleni kapena a Kulamba ku Mkaika ayambire pa 1 TB, ndipo ntchito zomalizidwa azizisamutsira pa diski yakunja.

Musadabwe Windows ikaonetsa 465 GB pa diski ya 500 GB, kapena 931 GB pa ya 1 TB. Sikuti akuberani. Opanga amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024.

Pa bokosi kapena pa tsamba la wopanga yang'anani TBW, kuchuluka kwa zinthu zimene zingalembedwe pa diskiyo waranti isanathe. Samsung 870 EVO ya 500 GB ili ndi 300 TBW ndi waranti ya zaka 5. Munthu wolemba 20 GB tsiku lililonse amalemba pafupifupi 7 TB pa chaka, choncho mantha akuti SSD imatha msanga alibe maziko kwa wogwiritsa ntchito wamba. Chofunika kwambiri ndi mtundu wa matchipu. TLC imasunga mabiti atatu pa kachipinda kamodzi, QLC anayi. QLC ndi yotchipa, koma mukamakopera fayilo yaikulu imathamanga poyamba, kenako liwiro limatsika kwambiri kachigawo kake kofulumira kakadzaza. Pa SATA, ma SSD okhala ndi DRAM, katchipu kofulumira kokumbukira pamene zinthu zili pa diski, monga 870 EVO kapena Crucial MX500, amapirira ntchito yolemera kuposa opanda DRAM monga Crucial BX500 ndi Kingston A400. Opanda DRAMwo si oipa; pa laputopu yakale ya kusukulu amaposabe hard disk kutali.

Zachinyengo zilipo. Diski ina imalembedwa 1 TB kapena 2 TB, Windows n'kuvomereza, pomwe mkati muli malo ochepa. Mafayilo amaoneka ngati alowa, koma akapitirira malo enieniwo amaonongeka, ndipo mumadziwa tsiku lowafuna. Mtengo ukatsika mosayenera, kayikirani. Pemphani risiti yolembedwa nambala ya diskiyo ndi masiku obwezera. Musanaikepo chilichonse, iyeseni ndi H2testw, pulogalamu yaulere imene imadzaza diski yonse kenako n'kuwerenga zimene yalemba. Imatenga maola, choncho yambani magetsi atangobwera. CrystalDiskInfo imaonetsa thanzi la diski ndi maola amene yagwira ntchito. Ikaonetsa maola masauzande pa diski imene mwauzidwa kuti ndi yatsopano, bwererani nayo.

Chotsani zinyalala musanasamuke

Hard disk zambiri ndi za 500 GB kapena 1 TB, ndipo SSD imene mungakwanitse ikhoza kukhala yocheperapo. Kusamutsa kumatheka pokhapokha zimene zili pa diski yakale zikukwana pa yatsopano. Nthawi zina mukamaliza kuyeretsa mumapeza kuti diski yaikulu simukuifunanso.

Osayamba ndi kufufuta zithunzi chimodzichimodzi. Onani kaye chimene chadya malo. Pitani ku Settings, System, Storage, kapena ikani WizTree kapena WinDirStat, zimene zimaonetsa mafoda kuyambira lalikulu. Kawirikawiri wolakwa amakhala Downloads, mavidiyo ochokera m'foni okoperedwa kawiri kapena katatu m'mafoda osiyana, mapulogalamu amene munaika kale koma mafayilo oikira akadalipo, ndi Recycle Bin. Fayilo ili mu Recycle Bin ikudyabe malo.

Kenako lembani Disk Cleanup pa Start, sankhani C, dinani Clean up system files. Batani limeneli ambiri amalidumpha, koma ndi limene limatulutsa Windows Update Cleanup ndi Previous Windows installations, zimene zimatha kukhala ma GB ambiri. Foda ya Windows.old imatsala Windows ikasinthidwa kupita ku mtundu watsopano, ndipo imadzifufuta pakatha masiku 10. Mukaichotsa msanga, njira yobwerera ku Windows yakale yatsekeka. Mukatsegula Storage Sense kuti iziyeretsa yokha, onani bwino gawo la Downloads, chifukwa ikauzidwa kutero imafufuta mafayilo amene akhalitsamo osatsegulidwa, ndipo anthu ambiri amasungiramo ziphaso ndi makalata a ntchito.

Pali fayilo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, imene imatenga pafupifupi 40% ya kukula kwa RAM yanu. Imachotsedwa polemba powercfg /h off mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator. Koma ganizani kawiri. Lamuloli limazimitsa Hibernate, imene imasunga ntchito yanu mu fayiloyi batire ikatsala pang'ono kutha, ndipo pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi a ZESCO laputopu imaifuna. Pa desikitopu kapena pa diski ya 64 GB yothina zedi, mukhoza kuichotsa.

Zina musakhudze ndi dzanja. Foda ya WinSxS imaoneka yaikulu, koma kufufutamo kanthu kumapha Windows. Njira yoichepetsera ndi kulemba Dism /Online /Cleanup-Image /StartComponentCleanup mu Command Prompt yomweyo. Musafufutenso pagefile.sys, makamaka ngati RAM ndi yochepa. Mapulogalamu achotsedwe kudzera ku Settings, Apps, osati pofufuta foda yake. Ndipo mapulogalamu olonjeza kuyeretsa ndi kufulumizitsa kompyuta ndi batani limodzi sachita choposa zimene Windows ili nazo kale.

Wogwiritsa ntchito OneDrive akhoza kudina kumanja pa foda n'kusankha Free up space. Mafayilo amatsala pa intaneti pokha. Izi n'zabwino m'tauni, koma mphunzitsi wa kumudzi kumene netiweki imavuta adzalephera kutsegula fayiloyo, ndipo kuitsitsanso kumadya bandulo.

Kusamutsa ndi kumanga

Choyamba koperani mafayilo ofunika pa diski yakunja. Onaninso ngati BitLocker, loko ya Windows yokhoma diski, ndi yoyatsa, ndipo ngati ili choncho lembani kiyi yake ya manambala 48 papepala, kapena izimitseni kaye.

Njira ndi ziwiri: kukopera diski yonse, kapena kuika Windows mwatsopano. Kukopera diski yonse kumafuna chingwe cha USB cholumikizira SATA, kapena kabokosi ka M.2, ndi pulogalamu. Samsung ili ndi yake, Crucial imapereka Acronis, ndipo Clonezilla ndi yaulere pa diski iliyonse. Samalani posankha diski yochokera ndi yopitako, chifukwa mukasemphanitsa mumafufuta zonse. Ngati CrystalDiskInfo yaonetsa Caution pa hard disk yakale, kukoperako kumatha kuima pakati kapena kusamutsa mafayilo owonongeka. Zikatero ikani Windows mwatsopano: pangani fulashi ya 8 GB ndi Media Creation Tool ya Microsoft. Kutsitsako ndi ma GB angapo, choncho konzani bandulo yokwanira. Chilolezo cha Windows yovomerezeka chimamangidwa ku bodi ya kompyuta, ndiye kusintha diski sikuchichotsa. Kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati makina anu ali ndi tchipu cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yovomerezeka, ikanitu Windows 11.

Pomanga, zimitsani kompyuta, chotsani chaja, ndipo mukatsegula chivindikiro yambani ndi kuzula waya wa batire. Gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi achoke, makamaka m'chilimwe mpweya ukauma. M.2 imalowa mopendekeka, kenako mumaitsitsa n'kuimanga. Kasikuluwu kake nthawi zambiri sikabwera ndi SSD, choncho fufuzani ngati kalipo pa bodi musanachoke m'shopu. Pa SATA, samutsani kachitsulo kogwirira ndi kalumikizidwe kochokera pa hard disk yakale, ndipo musakoke kawaya kathyathyathya mwamphamvu chifukwa kamang'ambika.

Kompyuta ikakana kuyaka, lowani mu BIOS, menyu ya makina yotsegulidwa Windows isanayambe, muike SSD patsogolo pa mndandanda wa madiski oyatsira. Poyatsa koyamba chotsani diski yakale kuti ziwirizi zisalimbirane. Poika Windows mwatsopano pa malaputopu ena atsopano a Intel, diski siioneka mpaka mutaika draiva ya Intel RST kapena kuzimitsa VMD mu BIOS. Diskiyo imakhala ili bwino.

Mukamaliza

Siyani malo opanda kanthu okwana 10 mpaka 20%, chifukwa SSD yodzaza imachedwa polemba. Musaiike pa mapulogalamu a defrag, osanjanso mafayilo pa hard disk. Windows imaisamala yokha kudzera mu TRIM, njira youza SSD malo a mafayilo ofufutidwa kuti iwayeretse, ndipo mukalemba fsutil behavior query DisableDeleteNotify n'kuona 0, ndiye kuti TRIM ikugwira ntchito. NVMe ikatentha kufika cha m'ma 70°C imayamba kudzichedwetsa. M'kutentha kwa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Luangwa, pukutani fumbi pa fani ndipo musagwiritse ntchito laputopu ili pa bulangeti.

Hard disk ikamafa kawirikawiri imachenjeza ndi phokoso kapena kuchedwa. SSD imatha kungozima, ndipo chifukwa cha TRIM fayilo yofufutidwa siibwezeka mosavuta. Magetsi akazima mwadzidzidzi diski ikulemba, mafayilo amatha kuonongeka, choncho desikitopu ya mu ofesi kapena ya m'shopu yosindikiza ikhale ndi UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima. Hard disk yakale, ngati ikadali yathanzi, musaifufute kwa milungu ingapo mpaka mutatsimikiza kuti zonse zasamuka. Kenako iikeni m'kabokosi ka USB 3.0, muzikoperapo mafayilo ofunika sabata iliyonse, ndipo muziisunga kwina, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu.