Malangizo Opimila Kufewa kwa Thupi: kwa Azaka 40 Kupita M'mwamba

Welengani pepala lonse musanayambe. Cipimo ici cimaonetsa mmene msana, ciuno ndi minofu ya kumbuyo kwa nchafu zimapindikila. Sicilowa m'malo mwa kupimitsa BP kukiliniki.

Cifukwa cake copimila

Mitsempha imene imacotsa magazi kumtima imafutukuka ndi kubwelela nthawi iliyonse mtima ukagunda. Munthu akamakula, mitsemphayi imayamba kuuma ngati paipi ya labala imene yakhalitsa padzuwa. Zikatelo mtima umapopa movutikila, nambala ya pamwamba ya BP imakwela, ndipo ngozi ya sitiloko ndi matenda a mtima imakula.

Mu 2009, Kenta Yamamoto ndi anzake ofufuza a ku Japan anafalitsa zimene anapeza atapima anthu 526 azaka 20 mpaka 83. Pakati pa azaka 40 kupita m'mwamba, amene anali ouma thupi, kutanthauza amene sanafike patali powelama pacipimo ici, anapezekanso ndi mitsempha youma kuposa anzawo. Kwa azaka 20 mpaka 39 kugwilizana kumeneku sikunaoneke, ndiye cifukwa cake pepalali likulankhula ndi acikulile. Dziwani kuti kuuma thupi ndi cizindikilo cabe, si umboni wakuti mukudwala.

Kapimidwe

Yendaniyendani mphindi 5 kuti thupi litenthe. Vulani nsapato, mukhale pamphasa, msana utsamile cipupa. Wongolani miyendo, mapazi agunde bokosi lolimba limene pamwamba pake mwaikapo lula. Sanjikani dzanja limodzi pa linzake. Weramani pang'onopang'ono uku mukutulutsa mpweya, zala zikutsetseleka palula. Pamene mwalekela, khalani pomwepo masekondi 2, wina awelenge masentimita. Citani katatu, mulembe nambala yaikulu pamodzi ndi deti.

Mawondo asapindike. Apa ndiye ambili amadzinamiza: bondo likangonyamuka pang'ono, nambala imakongola koma ilibe nchito. Musadzigwedeze kuti mufike patali, ndipo wina asakukankheni kumsana.

Musapime ngati msana ukuŵaŵa kwambili, ngati munacitidwa opaleshoni posacedwa, ngati muli ndi pakati, kapena ngati dokotala anakuuzani kuti mafupa anu ndi osalimba. Mukamva cizungulile kapena kupweteka pacifuwa, lekani pomwepo, mupite kucipatala.

Mukapeza kuti thupi ndi louma

Kapimitseni BP. Ikamafika 140/90 kapena kupitilila pamasiku osiyana, a zaumoyo adzakuuzani zocita. Ngati mumamwa kale mankhwala a BP kapena a shuga, musaleke.

Yambani kutambasula minofu ya miyendo, ciuno ndi msana, masekondi 30 pamalo alionse, mpaka mumve kukokeka koma osati ululu. Ofufuza a pa yunivesite ya Milan ku Italy anafalitsa mu 2020 kuti anthu amene anatambasula miyendo kasanu pamlungu kwa milungu 12, magazi anayamba kuyenda bwino ndipo mitsempha inafewako. Atasiya, phindulo linayamba kutha, conco musadukize.

Kutambasula kokha sikukwanila. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosacepela 150 pamlungu za zocita zolimbitsa thupi, monga kuyenda mwandawala, ndiponso mcele wosafika magalamu 5 patsiku, kuphatikizapo wa m'kapenta ndi nsomba youma. Pimaninso pakapita miyezi itatu, ndi bokosi lomwelo, panthawi imodzimodzi ya tsiku.