Mmene mungafikitsire nzeru za akatswiri a nkhalango kwa anthu okhala m'munsi mwa mapiri a Blantyre

Kalekale akatswiri ankadziwa kuti phiri lopanda mitengo siligwira madzi, koma pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche m'mwezi wa Marichi 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, zinaonekeratu kuti nzeru yotsekeredwa m'lipoti siteteza munthu. Malangizo awa ndi a inu alangizi a zankhalango, ofufuza ndi ogwira ntchito m'mabungwe, amene muli ndi uthenga wofunika kufika kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe.

Musanachoke ku ofesi, sankhani chinthu chimodzi chimene anthu angagamulepo tsiku lomwelo. Ndondomeko ya dziko lino yobwezeretsa nkhalango, ya 2017, imatsamira pa lonjezo lokonzanso mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, koma nyakwawa ya kwa Machinjiri singachite kanthu ndi chiwerengero chimenechi. Funso lake ndi lakuti, kodi pamtsetse wapamwamba pa mudzi pabzalidwe mbande, kapena pasiyidwe kuti zitsa ziphukire zokha? Ngati kafukufuku wanu ali ndi yankho, yambirani pomwepo, ndipo zina zonse zidikire ulendo wina.

Chotchinga chachikulu ndi chilankhulo, ndipo apa m'pofunika kudekha. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, linalembedwa m'Chingerezi cha maloya, moti anthu ambiri amangomva mphekesera kuti makala onse ndi oletsedwa, pamene lamulolo limalola kuotcha makala kwa amene ali ndi laisensi. Kumasulira liwu ndi liwu sikuthandiza. Lembani tsamba limodzi m'Chichewa lofotokoza chololedwa, choletsedwa ndi kumene munthu angakafunse, kenako muwerengere munthu amene sali pa ntchitoyi, monga mayi wogulitsa nkhuni ku Ndirande, kuti akubwezereni m'mawu akeake. Pamene wakakamira m'pamene muyenera kulembanso. Mitengo itchuleni maina amene anthu amaidziwira, monga mbawa, mlombwa, msuku ndi bulugamu, osati maina a sayansi. Mahekitala asandutseni maekala, pakuti mlimi amayeza munda wake m'maekala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka, kuperewera pang'ono chabe.

Uthenga uli ndi khomo lake lolowera. Kumudzi dzerani kwa amfumu, muwafotokozere paokha tsiku la msonkhano lisanafike, kuti asamvere nkhani ya malo awo pagulu ngati mlendo. M'tauni onanani ndi khansala ndi atsogoleri a m'dera. Mukaimirira pabwalo, nenani mwaulemu kuti, "Zikomo mfumu, tabwera ndi zimene tapeza kuti tiunikirane," chifukwa mlangizi wofika ndi mawu olamula amapeza anthu atakhala phee, akuvomera ndi mitu, koma mawa lake nkhwangwa ili paphewa.

Nthawi nayo isankheni bwino. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho uphungu wa nazale uyenera kufika m'chilimwe, anthu asanathire dothi m'machubu, osati mvula itagwa ndipo aliyense ali kumunda.

Nthawi zina wosowa uthenga ndi inuyo, chifukwa zotsatira za kafukufuku zimamwazikana: zina zili ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, zina ku Bunda kapena ku yunivesite ya Mzuzu, zinanso m'makompyuta a mapulojekiti amene anatha. Lembani kalata yotchula bwino chimene mukufuna, dera lake ndi zaka zake, ndipo dziwani kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Komiti ya m'mudzi nayonso ili ndi ufulu womwewo, ngakhale kuti ndi ochepa amene amaiuza zimenezi.

Pamsonkhanopo siyani mpata wokwanira woti akuluakulu alankhule, ndipo zimene anena muzilembe. Gogo amene wakhala m'munsi mwa Michiru moyo wake wonse amadziwa kasupe amene anauma, chaka chimene moto wolusa unadutsa, ndi mtsetse umene mbande zimafa nthawi zonse, zinthu zimene mapu a setilaiti sangakuonetseni. Pochoka, siyani tsamba lija kwa mlembi wa komiti, jambulani mfundo zomwezo m'mawu kuti ziyende pa WhatsApp kwa osatha kuwerenga, ndipo mugwirizane tsiku limene mudzabwerenso kudzawerenga limodzi mitengo imene yapulumuka chilimwe.