Momwe mungapentere nkhope ya munthu pansi pa mitambo ya Ruisdael

Jacob van Ruisdael wa ku Haarlem, m'dziko la Netherlands, anamwalira mu 1682 atapenta minda, nkhalango, mathithi ndi mitambo yambirimbiri, koma chithunzi cha nkhope yake sichinapezekepo. Nditafuna kumulemekeza, ndinapenta amalume anga ali pansi pa thambo longa lake.

Yambani ndi kuyang'anitsitsa chithunzi chake cha chigayo choyendera mphepo cha ku Wijk bij Duurstede, cha m'ma 1670, chomwe chili ku Rijksmuseum mumzinda wa Amsterdam. Pa intaneti chilipo. Onani momwe thambo latengera mbali yaikulu ya chinsalu, nthaka n'kukhala kam'munsi, ndiponso momwe dzuwa likuwalira malo ochepa okha. Munthu wanuyo mujambuleni ndi kamera panja tsiku la mitambo, inu mutagwada, kuti mutu wake ulowe m'thambo.

Chinsalu chipakeni gesso (penti woyera woyambira pachinsalu) katatu, kenako burnt umber (mtundu wa bulauni woderapo) wosungunula ndi tapentaini kuti chisakhale choyera mbee. Lembani nkhope ndi makala. Mitundu ya penti wa mafuta musachulutse: titanium white (woyera), yellow ochre (wachikasu), burnt umber, ultramarine (wabuluu) ndi wofiira mmodzi akwana. Machubu a penti ndi odula, ndiye ndalama zanu ziikeni pa woyera, chifukwa mitambo imamudya kwambiri.

Tsopano mafuta, pomwe ine ndinapsa. Penti woyamba ayenera kukhala ndi mafuta ochepa, ndipo mafuta a linseed, osakaniza ndi penti, muziwonjezera pang'onopang'ono pamene mukupaka pamwamba pake. Ine ndinachita motembenuza. Pofuna kuti mitambo isakanikirane bwino ndinathira mafuta ambiri, ndipo patangopita masiku anayi ndinapaka penti wouma msanga m'mphepete mwa tsaya ndi khutu, pamwamba pa thambolo. Kukhudza ndi chala kunkaoneka kouma, koma pansi pake panali pakadali pofewa. Patatha miyezi ingapo, khutu la amalume linang'aluka timing'alu ngati dothi la padambo mu Okutobala. Ndinapala ndi mpeni mbali yonseyo, ntchito ya masabata atatu, ndipo mtima unandipweteka zedi. Mafutawonso anali ndi vuto lawo. Ndinawagula kwa munthu wina pa Facebook, m'botolo lopanda chizindikiro, motchipa, ndipo ndikukhulupirira kuti anasakanizamo ophikira, omwe sauma. Masiku ano ndimadonthezera kaye pagalasi n'kudikira sabata. A linseed enieni amachita kakhungu pamwamba. Akangokhala onyowa, atayeni.

Choncho pentani thambo mopyapyala, musiye malo a mutu, ndipo lipatseni nthawi liume. Kunsi kwa mitambo sakanizani ultramarine, burnt umber ndi woyera. Wakuda yekha amapha mtambo.

Nkhope yambani ndi mithunzi, kenako pakati, zowala pomaliza. Pakhungu lakuda ngati la amalume, kaimvi ka thambo kaoneke pamphumi ndi pamphuno, apo ayi munthuyo aoneka ngati mwamumata. Maso ndi milomo gwiritsani burashi yaing'ono. Kumbuyo ikani kamunda kamodzi kowala dzuwa.

Vanishi dikirani miyezi 6, ndipo nyengo ya mvula chithunzicho musachiyedzamitse kukhoma lachinyontho.