Loya wa koleji ya boma amatani, nanga inu muchite bwanji nkhani yanu ikafika kwa iye

Abale anga a kuno ku Mangochi, pali chinthu chimodzi chimene chimapweteketsa anthu ambiri akasemphana ndi koleji ya boma, kaya ndi mwana amene wayimitsidwa sukulu, kaya wantchito amene wachotsedwa, kaya munthu wa bizinesi amene anapereka mpunga kapena nkhuni koma ndalama zake sizikutuluka. Akangomva ku ofesi kuti "nkhani yanu ili kwa loya wathu" mtima umakhala pansi, amabwerera kunyumba kukadikira poganiza kuti loyayo aweruza pakati pa iwo ndi koleji. Sizili choncho ayi. Loya ameneyo si woweruza, komanso si wanu. Kasitomala wake ndi koleji, amalipidwa ndi koleji, ndipo zimene mungamuuze akhoza kuzigwiritsa ntchito poteteza kolejiyo. Sikuti ndi munthu woipa, ntchito yake ndi imeneyo basi, ndiye inu muzilowa mu ofesi mwake mukudziwa zimenezi.

Ntchito yake yambiri sichitikira ku khothi nkomwe. Amawerenga makontilakiti koleji isanasayine, monga a nyumba zimene ikuchita lendi, a makampani a alonda, a omanga ma hostel, a mabungwe akunja amene akupereka ndalama za kafukufuku. Amalangiza Council, yomwe ndi bodi yoyendetsa yunivesite, ndi Senate yomwe imaona za maphunziro, kuti chiganizo chimene akufuna kupanga chikugwirizana ndi lamulo limene linakhazikitsa sukuluyo kapena ayi. Amathandiza kulemba malamulo a ophunzira ndi a antchito, amaunika makalata a milandu asanaperekedwe kwa munthu, ndipo koleji ikasumiridwa ndi iye amene amayankha kapena kupeza maloya akunja oti akayime ku khothi. Koma iye sachotsa mwana sukulu, sapereka tenda, sachotsa munthu ntchito. Amangolangiza, osayina ndi ena. Choncho musataye nthawi kumunyengerera kapena kumukalipira, funsani kuti chiganizocho wapanga ndani, komiti iti, tsiku liti.

Choyamba dziwani mtundu wa koleji imene mukulimbana nayo chifukwa njira zake ndi zosiyana. Ma yunivesite a boma monga UNIMA, KUHeS, MUBAS, LUANAR, MUST ndi Mzuni aliyense ali ndi lamulo lake la ku Nyumba ya Malamulo ndipo amatha kusumira kapena kusumiridwa pa dzina lake. Kumbukirani kuti kuyambira 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana nkukhala KUHeS, Poly inakhala MUBAS, ndiye ngati muli ndi pepala lakale lolembedwa University of Malawi funsani kaye kuti nkhani yanu inapita kwa ndani. KUHeS ili ndi kampasi pa boma pompano koma likulu lake lili ku Blantyre, ndiye kalata yofunika muipereke pano ndipo ina ipitenso kwa Rejisitala ku likulu. Pomwe sukulu ngati Malawi College of Fisheries ya ku Mpwepwe ili pansi pa dipatimenti ya boma, ndipo mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo ndi Attorney General. Mukafuna kusumira boma pa nkhani ngati ya ngongole lamulo limafuna kuti mupereke kaye chidziwitso cholemba nkudikira miyezi 3. Anthu amagwa pa zimenezi mlandu usanayambe nkomwe. Za makoleji omwe si a boma ndi nkhani ina, pano sindikukamba za amenewo.

Tsopano kwa ophunzira ndi makolo, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Tinene kuti mwana wagwidwa ndi likasa pa mayeso, kapena akumuganizira kuti anaswa nawo magalasi pa zionetsero, kapena wawidedwa (wachotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso) iye akuti magiredi ake anasokonezedwa. Chida chanu chachikulu ndi gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino. Gawo limeneli limati ofesi ya boma ikamapanga chiganizo chokhudza ufulu wa munthu iyenera kutsata lamulo ndi ndondomeko yachilungamo, ndiponso munthuyo apatsidwe zifukwa zake molemba. Loya wa koleji amalidziwa bwino gawo limeneli ndipo ndi limene amakumbutsa mabwana ake nthawi zonse, chifukwa koleji ikhoza kuluza mlandu ku khothi osati kaamba koti mwana sanalakwe koma kaamba koti sanamumve mbali yake.

Ndiye mwana akaitanidwa ku disipulinale asangopita chimanjamanja. Apemphe kalata yonena mlandu wake momveka, lamulo limene waphwanya, tsiku ndi malo okamvera nkhani. Apeze kabuku ka malamulo a ophunzira kamene anapatsidwa ali chaka choyamba, ambiri amakataya koma mu kabuku kameneko ndi momwe muli masiku ochitira apilo komanso ngati akuloledwa kubwera ndi womuyimira kapena mboni. Ngati sizikumveka alembe kalata yofunsa, asafunse pakamwa. Apemphe kuona umboni umene ulipo, kaya ndi kapepala kamene anamulanda, kaya lipoti la woyang'anira mayeso, kaya zithunzi za pa foni. Ngati nthawi yachepa, mwachitsanzo kalata yafika lero mwana ali ku Makanjira kapena ku Namwera pa holide ndipo akumufuna mawa m'mawa ku Zomba, alembe pompo kupempha tsiku lina nkufotokoza chifukwa, asangojomba, chifukwa kujomba kumawapatsa mpata womva nkhani iye palibe.

Ndipo chonde ana inu, musasayine pepala limene simunawerenge. Wina akati "tangosayina apa zithe" muyankhe mwaulemu kuti bwana ndiloleni ndiwerenge kaye, ndipo ngati zolembedwazo si mawu anu kanani kapena lembani pansi pake zimene mukutsutsa musanayike siginecha. Kalata iliyonse imene mukupereka pangani fotokope, yotsala nayo inu ayidinde sitampa ya ofesi ndi deti, kenako muijambule pa foni nkutumizira mchimwene kapena mchemwali wanu pa WhatsApp kuti foni ikabedwa umboni usapite nayo. Zooneka zazing'ono koma tsiku limene fayilo "yasowa" ndi kapepala ka sitampa kameneko kamene kamakuyankhulirani.

Makolo, ndikudziwa kuti mtima umawawa, mwana amene munamugulitsira mbuzi ndi matumba a chimanga kuti alipire fizi akabwera ndi chikwama pakati pa semesita. Koma kupita kukalalata pa geti kapena kufuna munthu wodziwana ndi akuluakulu kumangodya masiku. Chiganizo chikatuluka pemphani zifukwa zolemba, chitani apilo mkati mwa koleji m'masiku amene kabuku kakunena, ndipo nthawi yomweyo yambani kufunsa loya wanuwanu. Ngati ndalama palibe kuli Legal Aid Bureau imene inakhazikitsidwa kuti ithandize anthu osowa, ndipo ili ndi ofesi ku Zomba. Chifukwa chofulumirira ndi chakuti kupempha High Court kuti iunikenso chiganizo cha ofesi ya boma kumayenera kuchitika msanga, isanadutse miyezi 3 chiganizocho chipangidwire. Khothi limatha kupereka chiletso kuti mwana apitirize kuphunzira nkhani ili mkati, koma si nthawi zonse, ndipo likaona kuti munagona pa nkhani yanu kapena munalumpha apilo ya mkati zimavuta. Dziwaninso kuti khothi silichonga mayeso, limangoona ngati ndondomeko inatsatidwa. Kulinso ofesi ya Ombudsman imene imamva madandaulo a anthu amene ofesi za boma zawachitira zopanda chilungamo, ndipo kumeneko simulipira.

Mukalemba kupempha mapepala ena nkukanizidwa, kuli lamulo la Access to Information limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo bungwe loliyang'anira ndi Malawi Human Rights Commission. Koma malangizo amene loya anapatsa koleji yake musawayembekezere, amenewo ndi chinsinsi cha loya ndi kasitomala.

Nkhani ya nkhanza zogonana ndiyitchule payokha chifukwa atsikana ambiri amangofera mumtima. Lekichala kapena wantchito aliyense akamafuna thupi lanu posinthana ndi magiredi kapena malo ku hostel, umenewo ndi mlandu pansi pa Gender Equality Act ya 2013, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Musafufute ma meseji. Kadandauleni molemba ku komiti yoona zimenezi pa koleji, koma dziwani kuti simukusowa chilolezo cha loya wa koleji kapena cha wina aliyense kuti mupite ku polisi ku Victim Support Unit. Wina akakuuzani kuti tingokambirana zithere pompano kuti dzina la sukulu lisaipe, ameneyo akuteteza sukulu, inu pezani wokutetezani.

Kwa antchito ndinena mwachidule. Employment Act ya 2000 imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mukachotsedwa pitani ku ofesi ya leba pa boma isanathe miyezi 3, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya pa ntchito. Ngati muli mu yuniyoni auzeni tsiku lomwelo.

A bizinesi, inu vuto lanu limayambira pa kukhulupirira foni. Munthu wa ku stores kapena ku khitchini akuimbirani kuti bweretsani matumba a mpunga kapena usipa mapepala tikonza pambuyo, inu mwapakira pa lole mwatsitsa. Ndalama za boma sizituluka choncho. Kugula kwa koleji ya boma kumatsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo kumadutsa mu komiti yogula zinthu, ndiye katundu asachoke m'manja mwanu musanagwire LPO (pepala la koleji loyitanitsira katundu) kapena kontilakiti yosayinidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu zosayina. Potsitsa katundu wolandira asayine delivery note, alembe dzina lake ndi kuchuluka kwa matumba, inu musunge yanu pamodzi ndi invoyisi. Nkhani ikadzafika kwa loya wa koleji chinthu choyamba chimene adzafunse ndi mapepala amenewa, akakhalapo iye mwini amalangiza mabwana ake kuti lipirani munthuyu tisakaluze ku khothi nkulipiranso chiwongoladzanja. Eni nyumba amene mumachititsa lendi ku koleji, onetsetsani kuti pa pepala palembedwa kuti wokonza zowonongeka ndani komanso notisi ndi ya miyezi ingati.

Akakuitanani kuti mukambirane zothetsa nkhani kunja kwa khothi pitani, nthawi zambiri ndi njira yachangu komanso yotchipa kwa onse. Koma pepala la mgwirizano mulitenge kaye, mukamuonetse loya wanu kapena a Legal Aid musanasayine, makamaka ngati muli mawu oti mukalandira ndalamazi simudzadandaulanso kwina kulikonse.

Nanunso a dipatimenti, ma dean ndi oyang'anira ma hostel amene mukuwerenga izi, loya wanu mumufunse musanalembe kalata yoyimitsa mwana kapena musanalonjeze munthu tenda, osati samani itafika kale pa desiki. Mumutumizire nkhani yonse ndi mapepala ake, ngakhale amene akuonetsa kuti ofesi yanu inalakwitsa penapake, ndipo munthu amene akudandaula kapena amene anagwira mwanayo asakhalenso mu komiti yoweruza nkhani yomweyo.