Katiriji yanga yayambanso kusunga masewera

Ndinasewera Chrono Trigger pa Super Nintendo, makina akale a masewera a pa TV, maola anayi athunthu, n'kusunga pomwe ndinafika, n'kuzimitsa. Kuyatsa m'mawa mwake, zonse zafufutika. Zinandiwawa zedi.

Poyamba ndinkayesa fumbi, choncho ndinapukuta mano a katiriji (kabokosi ka masewera kolowetsa m'makinawo) ndi kathonje konyowetsa sipiriti. Sizinathandize. Vuto linali batire. M'makatiriji a masewera ataliatali ngati awa mumakhala kabatire kobulungira ngati kandalama, ka CR2032, kamene kamapatsa moto kachipangizo kosunga pomwe walekezera. Katiriji yanga ndi ya 1995, ndiye kabatireko kanali katatheratu.

Tizomangira ta katiriji sitimasuka ndi sikuludiraiva wamba, pamafunika ya gamebit ya 3.8 mm. Nditatsegula, ndinasungunula mtovu pa timiyendo tiwiri ta kabatire n'kuzula kakaleko. Katsopano ndinasankha kobwera ndi timiyendo take kale, chifukwa kuwotcherera pa batire penipenipo n'koopsa, limatha kuphulika. Musanazule, onetsetsani mbali yomwe kuli + ndi komwe kuli -, kapena jambulani chithunzi.

Nditaika katsopanoko, ndinasewerako pang'ono, n'kusunga, n'kuzula pulagi usiku wonse. Kutacha ndinapeza dzina langa lili pomwepo.